Mlendo wa m'Kanyumba ka Abwana

Zefaniya anali atamangirira kanyumbako katatu, ndipo katatu konseko kanapendekeka.

Kanali kanyumba kakale kokweza pa pikapu, kokhala ndi kabedi, kasinki ndi kazenera kamodzi. Abwana ake a ku Al Warqa, mu Dubai, anakagula kwa ogulitsa zitsulo zakutha ku Sharjah, kuti azipita nako kuchipululu ndi ana awo. Mawu awo anali amodzi: kanyumba kakhale bwino pofika Lachinayi, Zefaniya alandire pasipoti yake, imene iwo ankasunga, apite kutchuthi. Kwawo ku Ntcheu kunali Chiso, mwana wa chaka ndi theka, amene bambo ake ankangomudziwira pachithunzi.

Iye anali dalaivala, osati makaniko, koma kwa eni ake sukana ntchito. Anazula kabedi n'kuikapo thanki ya madzi imene abwana ankafuna. Anaboola, anamanga mabawuti mpaka manja onse matuza. Madzulo zonse zinkakhala zowongoka. M'mawa ankapeza galimoto yatsamira kumanzere ngati yasenza matumba a chimanga mbali imodzi, chonsecho m'thanki munalibe ndi dontho lomwe. Anasintha masipuling'i. Anatukwana jeke, anatukwana wogulitsa, anadzitukwananso yekha. Sizinathandize.

"Yalla, fulumira, Zefaniya," anatero abwana Lachitatu, akuyang'ana wotchi. "Mawa."

Masana chitsulo sichinkagwirika ndi kutentha, choncho anadikira dzuwa kulowa. Analowa m'kanyumbamo ndi tochi, natseka chitseko chifukwa cha fumbi, n'kugona chagada kuti amasule bawuti ya pakona. Mtima unali utawawa kale.

Anamva mapazi pamchenga. Anazungulira galimoto kamodzi, pang'onopang'ono. Anaima pakhomo.

"Odi."

Anali mawu a mwamuna, otsika, a kumudzi enieni. Zaka ziwiri mu Dubai palibe anali atamuodirapo. Pakamwa panayankha pokha, mutu usanaganize.

"Lowani, achimwene."

Chitseko sichinatseguke. Koma galimoto inapendekera kumanzere, masipuling'i atsopano aja n'kulira. Munadzaza fungo la thukuta ndi yunifomu yosachapa. Wina anapuma mozama pambali pake, monga amapumira munthu wochoka kutali. Zefaniya anaunika tochi. Panali thanki yokha.

"Pogona panga mwachotsa," anatero mawu aja.

Mantha anabwera, inde, koma mkwiyo wa masiku anayi unawapitirira.

"Achimwene, kaya ndinu ndani, mundisiye," anatero Zefaniya mano ali gwa. "Ine ndikufuna kupita kwathu basi."



"Kwathu," anabwereza mawuwo, mofewa.

Madzulo omwewo Zefaniya anagwetsa thanki, nabwezeretsa kabedi pamalo pake. M'mawa galimoto inali nji, yowongoka bwinobwino. Abwana anaigwedeza, anaizungulira, za thanki sanafunse n'komwe.

"Khalas, zatha," anatero, n'kumupatsa pasipoti.

Koma tsiku lomwelo, atangogona m'kachipinda kake kuseri kwa nyumba, matiresi analowa pansi mbali ya kukhoma. Kupuma kuja kunali pakhosi pake mpaka mbandakucha.

Lachisanu anapita ku Al Rigga kukagula timalaya ta mwana. Kumeneko anakumana ndi a Elliot, mkulu wa ku Dedza amene ankalondera pahotela ina ndipo ankadziwa Mmalawi aliyense wa mu Dubai, wamoyo ndi wakufa. Atamva nkhaniyo anaika tiyi pansi.

"Kanyumba koyera, kazenera kamodzi? Munkagona mlonda wina wa kwathu, pamalo a zitsulo paja. Anafera momwemo ndi kutentha. Achibale sanapezeke. Anaikidwa konkuno, popanda womulira."

"Nanga ine ndamulakwira chiyani, madala?"

"Iwe unakulira kuti? Mdima ukagwa suvomera odi usanaone nkhope. Unamulowetsa wekha, n'kumuuzanso kuti uli paulendo. Wapeza womuperekeza." A Elliot anayang'ana timalaya tija. "Ukafika, adzalowa nawe m'nyumba momwemo. Muli khanda."

Zefaniya anakhala nthawi yaitali pabenchi, pasipoti ili m'thumba la malaya. Anaigwirira ntchito, anaipsera manja. Zinamupweteka kwambiri moti anafuna kuing'amba. Kenako anagula khadi, nalowa m'kanyumba ka foni, n'kuimba kugolosale ya ku Ntcheu kumene mkazi wake Beatrice ankadikira Lachisanu lililonse.

"Mayi a Chiso," anatero, "chaka chino sindibwera."

"Tsono mwanayu adzakudziwani liti? Tinasesa kale, amayi anu agula ndi nkhuku."

"Ntchito yachuluka. Timalaya nditumiza ndi anthu."

 Zefaniya anaganiza kuti Beatrice akulira. Panja magalimoto ankadutsa, anthu ali pikitipikiti, koma m'kanyumba ka galasimo anali yekha.

"Bambo a Chiso," anatero Beatrice, "nanga amene akungoti 'tiyeni, tiyeni' kumbuyo kwanuko ndani?"