Amene Anabwera Kudzalandira a Sajeni

Madzulo amenewo mayi wina, telala, anatseka makina ake osokera msanga, chifukwa bambo ake anali atakananso mankhwala. Anthu a mumsewumo ankangowatchula kuti a Sajeni. Chithunzi chawo chinali m'buku la ana a sukulu: msilikali amene anateteza mlatho yekha usiku wonse, anzake onse ataphedwa ku msasa. Chaka ndi chaka akuluakulu ankabwera ndi galimoto, kuwapachika mamendulo pachifuwa, kuwajambula, kenako n'kuwabweza kunyumba ngati mpando wobwereka.

Eni akewo nkhani ya m'bukuyo ankangoiseka.

"Kulimba mtima kwake kuti?" ankatero. "Mlonda sachoka pamalo mnzake asanamulandire. Kamfupi amayenera kudzandilandira 2 koloko usiku. Sanabwere. Ndiye ine ndikanapita kuti?"

Kamfupi anali mnzawo wogona naye tenti imodzi. Anamupeza m'mawa mwake atafa, atavala nsapato imodzi, inayo ili m'manja. Kuchokera tsiku limenelo, zaka makumi asanu ndi mphambu, a Sajeni sanagonepo pabedi usiku. Ankakhala pampando kuseri kwa chitseko, nsapato zili kumapazi, mpaka kunja kuyere. Akazi awo anadandaula mpaka kulowa nazo m'manda. Telala yekha ndiye anazolowera. Anakula akudziwa kuti usiku abambo a anzake amaliza mkonono, koma ake amatchera khutu.

Tsopano matenda anali atawadya mpaka m'mafupa. Adokotala anali atanena mosabisa kuti kwangotsala masiku. Telala sanafune kuzimva. Mayi ake anapita, mwamuna anamuthawa, mwana sanaberekepo. Nkhalambayi ndiyo inali mtundu wake wonse, ndipo akaganiza zotsala yekha ndi makina m'nyumbamo, mtima unkamuwawa koopsa.

Anawafunditsa bulangete pampando pomwepo, anakhoma chitseko, n'kukagona.

Anadzidzimuka ndi mapazi. Ankachokera kumunsi kwa msewu, osafulumira. Phazi limodzi linkagunda pansi, gu! Linalo linkangoti tswa, ngati lopanda nsapato. Gu, tswa. Gu, tswa. Agalu a m'deralo, amene amauwa ngakhale pepala louluka, anali zii. Anayang'ana wotchi. Inali 2 koloko.

Mapazi aja anaima pakhomo pawo.

Anatuluka kuchipinda. Anapeza bambo ake ataimirira, munthu amene mwezi wathunthu ankachita kunyamulidwa popita kuchimbudzi. Anali njo, manja m'mbali.

"Ima pomwepo! Ndiwe yani?" Mawu awo anatuluka amphamvu, a mnyamata.

Kunja kunayankha munthu ali wefuwefu, ngati wachokera kutali.

"Ndine, Sajeni. Pepani, ndachedwa. Ndabwera kudzakulandirani."

Kunsi kwa chitseko kunalowa fungo la matope a kumtsinje. Mvula inali isanagwe miyezi inayi.

A Sajeni anatambasula dzanja kuti atsegule, koma zala zinakanika kupotoza kiyi. Anatembenukira mwana wawo. Telala anali asanaionepo nkhope yawo ikusangalala chonchi.

"Tsegula, mwanawe. Ndi Kamfupi."

Apo telala anamvetsa zonse. Akatsegula, bambo ake avula nsapato, agona, ndipo sadzukanso. Anazula kiyi uja n'kumufumbata, natsamira chitseko ndi msana. Thabwalo linkazizira ngati chitsulo.

"Ayi, bambo. Simupita."

"Ndatopa, mwanawe."

"Nanga ine nditsala ndi yani?"

Kunja kunagogodedwa katatu, mwaulemu ndithu. Mutu wa telala unasokonezeka. Misozi ili chuchuchu, pakamwa pake panangotuluka mawu amene ankauza aliyense wobwera kudzatenga chovala chisanathe.

"Sizinatheke lero! Mubwere mawa!"



"Ndamva," anatero mawu aja.

Gu, tswa. Gu, tswa. Mapazi anatsika ndi msewu mpaka anazimiririka. Kenako galu mmodzi anayamba kulira.

A Sajeni sanakalipe. Anakhala pampando pang'onopang'ono, nakoka bulangete okha.

"Wamubweza," anatero.

Mawa lake telala sanakhome chitseko. Anayatsa nyali, nakhala pansi pafupi ndi mapazi a bambo ake. 2 koloko inakwana n'kudutsa. Agalu ankauwa monga mwa masiku onse.

Masiku amene adokotala ananena aja anatha kalekale. Mvula yagwa, yasiya, yagwanso. A Sajeni akadali pampando paja, mafupa okhaokha, kubuula usiku wonse. Adokotala amangopukusa mutu, akuti thupi lotere silinayenera kukhala likupuma. Akuluakulu a galimoto aja anabwera kamodzi, anasuzumira, ndipo sanajambule.

Loko wa pachitseko telala anamugumula yekha ndi sizasi yake yaikulu. Usiku uliwonse amaima pakhomo, kuyang'ana kumunsi kwa msewu. Oyandikana nawo amamumva akuitana chapansipansi.

"Bwerani, bambo Kamfupi. Zatheka tsopano. Chonde bwerani."

Wometa tsitsi wa pakona amati mayiyo wazungulira mutu chifukwa chodwazika nthawi yaitali. Koma mkazi wake, amene anamva zonse usiku uja ali pawindo, amanong'oneza zina. Akuti Kamfupi anamva bwinobwino, ndipo akudikira tsiku limene anauzidwa. Koma mawa la telala, ngakhale akufa amalidziwa kuti silifika.