Ulosi wa pa Kabaza

Kunyumba kwa a Sungani ku Nchema kunalibe mkangano wopitirira dzuwa. Bambowa anali mkulu wa kampingo kena kopemphera m'tchalitchi chofolera ndi udzu, ndipo ana awo awiri, Mikaele ndi mlongo wake Kristina, adakulira pa Baibulo. Mikaele adali ndi mphatso ya mawu. Akayambitsa nyimbo, ngakhale azibambo aja ongogwedeza milomo ankaimba. Maso a bambo ake atayamba kuchita khungu, mpingo udamupatsa guwa akadali mnyamata.

Koma zinali zaka zija matipate atangobwera, pamene mipingo ya aneneri inkaphuka ngati bowa. Anthu adayamba kuthawira kumeneko, Mikaele n'kumalalikira mabenchi. Zinkamuwawa kwambiri.

Frackson, mnzake amene ankapalasa kabaza pakati pa Nchema ndi Milepa, adamuseka. "Aise, anthu atopa ndi Yona ndi chinsomba chake. Akufuna kumva za anzawo. Pa kaliyala pangapa pamakhala mudzi wonse, ndipo munthu akakwera njinga pakamwa pamamasuka. Ine ndizikuuza, iwe uzinena kuti waonetsedwa."

Mikaele adakana kwamtuwagalu. Sabata isanathe, ndi yemwe adapita kukafunsa kuti, "Kodi wamva zotani?"

Lamulungu adatsinzina pa guwa, nafuula: "Muli bambo muno amene wabisa thumba la nandolo kwa mbale wake kuti mkazi asadziwe!" Bambo wina adagwada navomera. Mbiri idawanda, ndipo posakhalitsa anthu ankachita kusuzumira pawindo chifukwa chosowa pokhala.

A Sungani adamuitana mwana wawo pakhonde. "Mikaele, ine maso adapita koma makutu alipo. Mzimu ukukuuza zinthuwu, bwanji ukungodziwa za anthu okwera njinga? Oyenda pansi sachimwa?"

"Ababa, nthawi yanu tchalitchi chinkadzaza liti? Tsabola wakale sawawa. Musachite nsanje ndi mphatso yanga."

"Guwa si malo a miseche, mwanawe," adatero amayi ake. "Udzapha munthu."

Iye adangodzuka n'kumapita.

Tsiku lina Frackson adabwera akumwemwetera. "Lero ndakupezera yonona. Ndaona mkazi ku Milepa akulowa m'chipinda cha wagolosale uja, atadziphimba kumutu. Nkhope sindinaione, koma chitenje chobiriwira cha maambulera chija ndani sachidziwa?"

Zoonadi, chitenje chotero m'dera lonselo chidali chimodzi. Mateyo, bambo wina wa mumpingomo, adagulira mkazi wake Ellina chitenjecho ku Limbe, ndipo Ellina, mayi wa ana atatu amene ankasesa m'tchalitchi Loweruka lililonse, ankachinyadira.

Lamulungu Mikaele adadula nyimbo pakati. "Ndikuona maambulera!" adakuwa. "Ndikuona mkazi wamwini akubisa chigololo m'maambulera ku Milepa!" Mitu yonse idatembenukira kwa Ellina, amene adali atavala chitenjecho.

"Ine ayi! Mulungu akundiona!" adalira Ellina. Koma ndani angatsutsane ndi Mzimu? Mateyo sadadikire n'komwe ankhoswe. Adamanga katundu wake tsiku lomwelo n'kubwerera kwawo.

Mawa lake Kristina adamupeza mlongo wake kudimba, maso atatupa. "Achimwene, chitenje chija ndinabwereka ndine. Kwa wagolosale ndinapita ndine. Kauzeni mpingo kuti mwalakwitsa."

Aliyense amadziwa kuti akazi amabwerekana zitenje ngati mchere, koma Mikaele sadaganizeko. Kunena zoona kukanatanthauza kuvula mlongo wake pagulu ndi kuvomera kuti ulosi wake wonse udachokera pa kaliyala ya Frackson. Adaganiza za anthu osuzumira pawindo aja.

"Tseka pakamwa," adatero. "Zizizira zokha."

Sizidazizire. Pamjigo azimayi ankachotsa ndowa zawo Ellina akafika. Ana ake ankaimbidwa nyimbo ya maambulera kusukulu. Ellina adabwera kwa Mikaele nagwada pabwalo. "Abusa, pempheraninso, mwina mwaona molakwika. Banja langa latha." Iye adamuuza kuti akalape. Patapita masiku, Ellina adamwa mankhwala a makoswe.

Kumanda sikudaimbidwe nyimbo, poti womwalirayo adadzipha. Komabe achibale adapempha Mikaele kuti anene mawu. Adatsegula Baibulo nawerenga kuti mphotho yake ya uchimo ndi imfa. Asanapitirize, Kristina adadzigwetsa pa dothi lofiira lija.

"Ellina mayo! Wafera chitenje! Ndinabwereka ndine, mayo! Achimwene ndinawauza, anati nditseke pakamwa!"

Kulira kwa pamaliro sakuletsa, choncho adanena zonse mpaka kumapeto. Mateyo adayamba kulira ngati mwana. Anthu atazindikira kuti ulosi wonse unkachokera pa kabaza, adamugwira Frackson, koma iye adangotukula mapewa: "Ine ndimapalasa njinga, sindilalikira."

A Sungani adapempha kuti wina awagwire dzanja, nayenda kufikira pomwe padaima mwana wawo. Sadamukalipire. Adangopapasa mpaka adapeza Baibulo, nalichotsa m'manja mwake.

Mpingo uja sudasonkhanenso. Mvula yotsatira idagwetsa denga ndipo palibe adadula udzu. Kristina adathawira ku Blantyre osatsanzika. A Sungani adamwalira ndi chisoni chaka chisanathe, ndipo ana a Ellina adagawidwa kwa achibale.

Mikaele masiku ano amapezeka kokachasu ku Milepa. Zidakwa zimamuitana kuti "aneneri", n'kumuuza kuti alosere kuti zimugulire kabotolo, ndipo iye amalosera. Akaledzera amafunsa aliyense ngati Mulungu angakhululukire munthu wonamizira Mzimu wake, koma sadikira yankho.

Inu achinyamata amene mwapatsidwa guwa, musasake kutamandidwa ndi anthu, ndipo musaike dzina la Mulungu pa mawu amene mwatola m'njira. Bodza la pamsika munthu amalitsutsa. Bodza la pa guwa anthu amaliyankha kuti "Ameni", ndipo wonamiziridwayo amasowa kothawira.