Ulusi Wodulidwa M'buku la Bambo

Mnyamata wina anabwera kushopu yomata mabuku dzuwa lili paliwombo, atakumbatira buku la malemba losasuka masamba. Linali la bambo ake, mkulu wa mpingo. Mtsikana womata mabukuyo analitembenuza uku ndi uku, zala zili guluu yekhayekha.

"Ine ndimangosoka ndi kumata," anatero. "Ndinaliwerenga lonse, nzeru sindinazipezemo. Ukafunsa chifukwa, amati khulupirira basi."

Mnyamatayo, telala wa pakamwa pa shuga, anaseka mpaka kugwira tebulo. "Ndiye tapezana. Inenso kutchalitchi ndimangokayasamula."

Pasanathe sabata foni inayamba kulira. "Duwa langa, mutu wakowo ndi umene unandigwetsa. Ndikukwatira, zivute zitani." Mtsikana amene anakana buku lathunthu anakhulupirira timizere tiwiri ta pafoni. Chikondi chimapusitsa bwanji!

Koma bambo a telala sankagamula nkhani ndi mutu wawo. Ankatsinzina, kutsegula buku, kuloza ndi chala, ndipo mawu a pamenepo ndiwo anali chigamulo. Ukwati wa mwana wawo unayenera kudutsa pomwepo.

Tsikulo anakhala pabalaza, azakhali a telala ali pakona. Mtsikana anayang'anitsitsa bukulo. Bambo atatsinzina, buku linatseguka lokha, chala chawo chinagwera pa mawu odzudzula mkazi wonyoza.

"Wamva wekha, mwana wanga. Kumwamba kwakana," anatero bambo kwa telala.

"Pepani bambo, ndilioneko," anatero mtsikana.

Analipendeketsa. Ulusi umene anasoka ndi manja ake unali wodulidwa ndi lezala, patsamba lomwelo.

"Buku limatseguka pamene lathyoka msana, bambo. Apa wina wadula ulusi. Kumwamba sikunayankhule kanthu."

Mbama inamugwetsera pansi. Sinachokere kwa bambo ayi. Anali telala, uja wa "duwa langa". Anamukoka tsitsi, kumumenyetsa pa kabati, galasi n'kusweka, mbale n'kumwazika.

"Ukunyoza bambo anga m'nyumba mwawo? Wachikunja iwe!"

Kodi manja amenewa si omwe ankamusisita tsaya? Anafuna kukuwa, koma m'kamwa munali magazi.

Azakhali anadumpha n'kumugwira telala pakhosi. "Musiye! Dzulo ndinakuona ndi lezala, ndinakhala chete. Ukanangomuuza kuti mwana wa abusa ali ndi pathupi pako. Kumenya kwachiyani?"

Telala anayang'ana pansi. Bambo anangoti kakasi, chala chikadali m'mwamba.

Mtsikana anadzuka pang'onopang'ono, kuzula kagalasi m'chikhatho. Chinkamupweteka kwambiri sichinali bala. Chinali chakuti iye ankamukondabe munthuyo, ngakhale panthawi imeneyo.

Anatola bukulo, kulipukuta magazi ndi mkono wa bulauzi, n'kuliika pa maondo a bambowo.

"Tsinzinaninso, bambo. Mulifunse kuti munabereka munthu wotani."

Bambo sanalitsegule.