Barifi ya Hansa

Hansa anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Chipoka, pafupi ndi doko. Bambo ake, a Ratilal, anali ndi sitolo yaing'ono. Ankagulitsa nsalu, mchere, sopo ndi mbedza. Nyumba yawo inali kuseri kwa sitoloyo.

Makolo a Hansa anachokera ku India. Koma Hansa anabadwira pa Chipoka pomwepo. Chichewa ankalankhula ngati mwana aliyense wa kunyanja. Mayi ake ankawaitana kuti Ba. Ana a kwawo kwa makolo ake amaitana mayi awo choncho.

Hansa ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuphika nawo zotsekemera za Diwali.

Diwali ndi chikondwerero cha Ahindu. Chimabwera kamodzi pachaka. Anthu amasesa m'nyumba. Amavala zovala zatsopano. Amayatsa tinyale tambirimbiri. Amaphika zotsekemera ndi kugawira anzawo.

Chaka chimenecho chinali cha 1952. Mwezi unali Okutobala. Kunja kunkatentha kwambiri. Kukhitchini kwa Ba kunkatentha koposa.

Tsiku loyamba, Ba anakazinga ufa wa tchana m'mafuta. Anathiramo shuga. Anaumba timipira tachikasu. Timipira timeneti dzina lake ndi ladu.

"Ba, ndiumbe nawo?" anafunsa Hansa.

Ba anapukusa mutu. Anati ufawo ukuwotcha, ndipo manja a Hansa ndi aang'ono.

Tsiku lachiwiri, Ba anakazinga mpunga wophwanya. Anasakaniza ndi mtedza, mchere ndi tsabola. Imeneyi ndiyo chevuda. Ukamadya imalira kuti khurr, khurr.

"Ba, ndikazinge nawo?" anafunsa Hansa.

Ba anapukusanso mutu. Anati mafuta amathetheka, ndipo Hansa ndi wamfupi.

Hansa anakhala pakhomo. Ankangonunkhiza. Kulawa kunalibe. Pa Diwali munthu salawa msanga. Zotsekemera zimayamba zaperekedwa kwa Mulungu. Kenako anthu amadya.

Panatsala chotsekemera chimodzi. Dzina lake ndi barifi. Barifi ndi yoyera komanso yofewa. Amaphika ndi mkaka wambiri. Ba ankaikonda kuposa zonse. Anati kwawo ku India sankachita Diwali popanda barifi.

Koma mkaka unali wosowa. Mvula inali isanabwere. Udzu unali wouma. Ng'ombe zinali zowonda.

Kumudzi wapafupi kunali mayi wina, dzina lawo a Masiye. Iwo anali ndi ng'ombe ziwiri zamkaka. Mwana wawo Agnes anali mnzake wa Hansa. A Masiye analonjeza kuti mkaka wonse wa m'mawa umodzi adzapatsa Ba.

M'mawa umenewo unafika. Diwali inali mawa lake. Bambo sakanatha kusiya sitolo. Ba sakanatha kusiya moto. Ba anayang'ana Hansa. Kenako anamupatsa chitini chachikulu cha chivundikiro.

"Lero ndikutuma iwe," anatero Ba. "Upite, utenge mkaka, ubwere. Usaime panjira. Mkaka sugwirizana ndi dzuwa."

Hansa anasangalala. Iyi inali ntchito yeniyeni. Anathamanga ndi chitini chake. Anadutsa njanji. Anadutsa pamtengo wa mlambe. Anafika kwa a Masiye dzuwa lisanakwere.

A Masiye anali atakama kale. Anathira mkaka m'chitini. Chitini chinadzaza. Anatseka bwino chivundikiro. Anauza Agnes kuti amuperekeze mnzake.

Hansa anagwira mbali ina. Agnes anagwira mbali ina. Ankayenda pang'onopang'ono kuti mkaka usatayike.

Atafika pamlambe paja, anamva kulira kwakukulu. Puuu! Puuu! Inali sitima ya panyanja. Inkafika padoko.

Agnes anati apite akaone pang'ono chabe. Hansa anakumbukira mawu a Ba. Koma sitima inaliranso. Miyendo ya Hansa inakhotera kudoko.

Anaika chitini pamchenga. Anati angoona pang'ono.

Anaona anthu akutsika ndi mitolo. Anaona matumba a mpunga. Anaona njinga yatsopano. Anaona mbuzi ikukana kutsika. Anthu atatu ankaikoka. Mbuzi inkakana. Hansa anaseka. Agnes anaseka mpaka kukhala pansi.

Kenako analowa m'madzi kuti aziziritse mapazi. Anatola tizigoba. Anathamangitsa tinsomba. Anaiwala chitini.

Dzuwa linakwera. Linakwerabe. Linafika pamutu.

Mchenga unayamba kuwotcha mapazi. Apo m'pamene Hansa anakumbukira. Anathamangira chitini. Anachigwira. Chinali chotentha ngati chachoka pamoto.

Atsikana aja anayenda mofulumira.

Ba anali pakhomo, akudikira. Anathira mkaka m'poto wamkulu. Anaika pamoto. Anayamba kutakasa.

Mkaka unatentha. Koma sunawire bwino. Unayamba kulekana. Madzi anapita paokha. Timibulu toyera tinapita patokha.

Ba anasiya kutakasa. Anachotsa poto pamoto. Anakhala pampando.

"Mkaka wasasa," anatero motsitsa mawu.

Agnes anati mkaka wina kulibe. Ng'ombe zapita kudambo. Wamadzulo ndi wochepa, ndipo ndi wa ana a ng'ombe.

Ba anangoyang'ana poto uja. Sanakalipe. Koma nkhope yawo inagwa. Hansa anamva kuwawa mumtima. Anayandikira. Anagwira nsonga ya sari, nsalu yaitali imene mayi ake ankavala.

"Ba, ndalakwa ndine. Ndinaima panjira. Ndinapita kukaona sitima. Mkaka ndinausiya padzuwa."

Misozi inatsika. Ba anamuyang'ana kwa kanthawi. Kenako anamupukuta ndi dzanja. Anati kusamvera n'koipa. Anatinso kunena zoona n'kwabwino, ndipo amukhululukira. Koma barifi chaka chino kulibe.

Ba ananyamula poto kuti akataye kuseri.

Agnes anadabwa. Anati kwawo mkaka wosasa sataya. Mayi ake amatsanula madzi. Zoyera zotsalazo amadya.

Hansa anasuzumira m'poto. Timibulu tija tinali toyera bwino. Tinali tofewa. Sitinkanunkha zoipa.

"Ba, musataye," anatero Hansa. "Bwanji titsanule madzi? Bwanji tithiremo shuga?"

Ba anaima. Anayang'ana poto. Anayang'ana Hansa. Ananunkhiza mkaka uja. Anatsina kam'bulu kamodzi ndi zala. Anaganiza. Anati sanayambe aphikapo barifi yotere. Mwina itheka. Mwina sitheka.

"Tiyese," anatero Hansa.

Ba anatenga nsalu yoyera yopyapyala. Hansa anagwira nsonga ziwiri. Agnes anagwira nsonga ziwiri. Ba anathira mkaka pansaluyo. Madzi anadontha. Anadontha. Anadontha. Zoyera zinatsala pamwamba.

Ba anazitsuka ndi madzi ozizira. Anafinya nsalu. Anatsegula. Munali mpira woyera, wofewa. Koma unali waung'ono. Unali ngati papaya wamng'ono. Ba anati sukwanira anthu onse.

Hansa anayang'ana uku ndi uku. Pakona panali dengu la mtedza wotsala ku chevuda. Anafunsa ngati mtedza ungalowemo. Ba anamwetulira koyamba. Anati ayese.

Atsikana anakhala pamphasa. Anasenda mtedza. Ba anaukazinga. Atsikana anaufikisa m'manja. Anauzira makoko. Fuu! Fuu! Makoko anamatirira pamphuno ya Agnes. Hansa anaseka.

Kenako anathira mtedza mumtondo. Agnes ankadziwa kusinja. Anaphunzitsa Hansa kugwira munsi. Agnes anasinja. Hansa anasinja. Agnes anasinja. Hansa anasinja. Mtedza unasanduka nsinjiro.

Ba anaika poto pamoto wochepa. Anathiramo zoyera zija. Anathiramo nsinjiro. Anathiramo shuga. Anathiramonso timbewu tonunkhira totchedwa elachi.

Kenako Ba anakoka kampando. Anakaika pafupi ndi moto. Anapatsa Hansa mthiko.

"Nzeru ndi yako," anatero Ba. "Takasa ndiwe. Ine ndigwira poto."

Hansa anakwera pakampando. Anatakasa. Ba anati asasiye, chifukwa zingapserere. Hansa anatakasa. Mkono unatopa. Anasintha mkono. Anatakasabe. Thukuta linatsika pamphumi. Agnes ankamukupiza ndi lichero.

Fungo labwino linadzaza khitchini. Linatuluka pakhomo. Linafika kusitolo. Bambo anasuzumira pazenera. Anafunsa kuti kukuphikidwa chiyani. Ba anawauza kuti abwerere kwa makasitomala awo.

Pang'ono ndi pang'ono zophikazo zinalimba. Zinasiya kumata poto. Ba anazikhuthulira m'mbale yaikulu yamkuwa. Hansa anasalaza pamwamba ndi supuni. Anadikira kuti zizizire. Zitazizira, Ba anadula timagawo ta ngodya zinayi.

Barifiyo sinali yoyera. Inali yofiirira pang'ono. Inali ndi timadontho ta mtedza.

Kodi inali yokoma? Palibe ankadziwa. Kulawa kunalibe. Agnes anameza malovu n'kupita kwawo. Hansa anayenera kudikira mpaka mawa.

Kutacha, Hansa anasamba msanga. Anavala diresi latsopano lobiriwira. Anathandiza Ba kusesa pakhonde. Anajambula maluwa pakhomo ndi ufa wa mpunga. Anapota thonje la tinyale tadothi. Anathira mafuta m'kanyale kalikonse. Koma mtima wake unali pa barifi.

Bambo anatseka sitolo msanga. Dzuwa litapendeka, banja linasonkhana pamalo opempherera. Ba anayatsa nyale yoyamba. Anaika ladu m'mbale. Anaika chevuda. Anaika barifi pakati. Bambo anaimba pemphero. Ba analiza kabelu. Hansa anatseka maso. Kenako anatsegula diso limodzi, n'kuyang'ana barifi.

Pemphero litatha, Bambo anatenga kagawo kamodzi. Anakatembenuza. Anati barifi yamtundu uwu sanaionepo. Analuma. Anatafuna. Anatafunabe.

Hansa anawayang'anitsitsa.

Bambo anameza. Anatambasula dzanja. Anatenga kagawo kachiwiri.

Ba anaseka. Nawonso analawa. Anatseka maso. Anati ndi yofewa, ndipo mtedza ukumveka bwino. Anatenga kagawo kena n'kuika m'kamwa mwa Hansa. Kanasungunuka palilime. Kanali kotsekemera. Kankanunkhira elachi. Hansa anavina pomwepo.

Posakhalitsa panamveka odi. Anali a Masiye ndi Agnes. Ba anali atawaitana kuti adzaone nyale. A Masiye anabweretsa mango akucha m'kadengu.

Ba anayala mphasa pakhonde. Hansa anabweretsa madzi osamba m'manja. Kenako anabweretsa mbale. Anagwada n'kupereka kwa a Masiye ndi manja awiri.

A Masiye analawa ladu. Anati ndi yokoma. Analawa chevuda. Tsabola anawatsokomoletsa, ndipo onse anaseka. Kenako analawa barifi. Anatafuna pang'onopang'ono.

Agnes sanathe kudikira. Anawauza kuti umenewo ndi mkaka wa ng'ombe zawo. Anawauza za sitima. Anawauza za dzuwa. Anawauza kuti mkaka unasasa.

A Masiye anayang'ana kagawo kali m'manja mwawo. Sanakhulupirire. Anatembenukira kwa Ba.

"Amake Hansa, mundiphunzitse. Mwaphika bwanji zimenezi?"

Ba anapukusa mutu uku akumwetulira.

"Amake Agnes, musafunse ine. Ine ndinangogwira poto. Funsani ana awa."

Hansa anakhala pafupi ndi a Masiye. Agnes anakhala mbali inayo. Hansa anayamba kufotokoza. Anati choyamba mutenge nsalu yoyera. Agnes anati iyayi, choyamba mukaone sitima.

Onse anaseka. Bambo anaseka mpaka kugwira pamimba.

Kenako Ba anapatsa Hansa nyale yoyaka. Anapatsanso Agnes ina. Atsikana anayenda m'mbali mwa khonde. Hansa anayatsa kanyale. Agnes anayatsa kanyale. Anayatsa kena, ndi kena, ndi kena. Khonde lonse linawala.

Anthu odutsa mumsewu anaima. Hansa anatenga mbale n'kuwagawira. Aliyense analandira kagawo. Pomaliza panatsala kamodzi kokha.

Hansa anakanyema pakati. Theka anapatsa Agnes. Theka anadya yekha. Anakhala pamiyendo ya Ba, zala zikumatamata ndi shuga, n'kumayang'ana nyale zawo zikuwala.