Chifunga cha ku Palagruža

Uthenga unafika kudoko la Komiža m'mamawa: Jerko wagwa pamiyala ku chilumba cha Palagruža, kumene ankatchera nkhanu, ndipo akukha magazi. Helikopita sikanatha kuuluka chifukwa cha mphepo ya kummwera. Vicko, mkulu wake wa Jerko, anakadzutsa mkamwini wake Dinko, yemwe anali ndi boti la thanga.

"Dikirani, Bambo, ndikatenge makina olozera njira achiwiri kunyumba," anatero Dinko.

"Iwe, munthu akufa uko! Zaka makumi anayi ndayenda njirayi ndi mphuno yangayi. Masula chingwe!"

Dinko anamasula.

Dzuwa lisanafike pamutu, funde linaswekera m'boti. Makina aja anaphethira kawiri n'kuzimiratu, wailesi nayonso. Kenako mphepo inafooka, chifunga n'kuwakuta.

"Ndiye mphuno ija igwiretu ntchito," anatero Dinko, osamuyang'ana.

Vicko anakhala pachiwongolero, kampasi pakati pa miyendo. Ankaponya kamtengo kutsogolo kwa boti n'kumawerenga mpaka kadutse kumbuyo, kuti adziwe liwiro. Mafunde ankawamvera m'chiuno momwe ankamenyera kumanzere. Zonse ankazichita monga anamuphunzitsira bambo ake, koma madzi tsiku limenelo ankakokera kuvuma mobisa, ndipo iye sanazindikire.

Nthawi yoti aone chilumba inakwana. Kunali mbuu.

"Tachipitirira, eti?"

"Khala chete."

"Bambo, tachipitirira!"

Vicko anatembenuza boti. Anazungulira maola anayi, mpaka anaona mbalame zitatu zikuuluka chotsika, zonse kulowera kumodzi. Anazitsata, ndipo thanthwe linatulukira patsogolo pawo.

Asodzi awiri anawachingamira pagombe, zipewa zili m'manja. Jerko anali atatsirizika ola limodzi m'mbuyomo, akufunsabe ngati achimwene ake aoneka.

Anabwerera naye mawa lake atamukulunga m'thanga lakale. Njira yonse Dinko sanamunene Vicko, ndipo iye ankalakalaka akanangomutukwana.

Padoko amuna anamuunjirira Vicko, kumusisita paphewa.

"Palagruža m'chifunga, popanda makina! Atsala ndani odziwa nyanja chonchi?"

Vicko anawadutsa n'kukaima pamaso pa Lukrica, mkazi wa Jerko.

"Alamu," anatero mayiyo motsitsa mawu, "munanyamuka sikisi koloko. Munakafika nthawi yanji?"

"Faifi, madzulo."

Lukrica anakulira m'banja la asodzi, ndipo ankadziwa kuti ulendowo ndi wa maola asanu ndi awiri basi. Anawerenga pazala, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa Dinko.

"Mwanawe, ndithandize kumunyamula."