Nkhata ya Masamba a Thundu

Chibwerere ku nkhondo ya kumtsinje ija, Numeriyo sankamvanso kanthu. Buledi ankangomutafuna ngati chiguduli. Bala la paphewa ankaliyang'ana ngati la munthu wina. Asilikali anzake akamaimba za chipambano, iye ankangoti duu pakhomo la hema.

Kunja kwa linga la msasa kunali Vibiyo, mwana wa mmisiri wofufuta zikopa, atamangidwa pamtengo. Mlandu wake unali wakuti anachoka pamzere nkhondo ili mkati. Anali atamulanda kale tirigu n'kumamupatsa balere, chakudya cha abulu. Tsopano lipenga likalira, anzake omwe anayenera kumumenya ndi zibonga mpaka afe. Ndilo lamulo la Roma.

Numeriyo yekha ndiye ankadziwa kumene Vibiyo anapita. Kavalo wa Numeriyo atagwera m'bango, mdani anaima pamwamba pake ndi mkondo. Mwadzidzidzi chishango china chinamuphimba. Palibe anaona. Koma iye, ali chagada m'matopemo, anaona ulusi wofiira pamkono wogwira chishangocho. Anauzindikira. Atiliya, mtsikana amene Numeriyo ankamulota chichokere ku Roma, ankaluka ulusi womwewo tsiku lonyamuka. Numeriyo anadikira kuti apatsidwe, koma sanapatsidwe.

Dzuwa litakwera, anatuluka pachipata.

"Mwadzaona mbuzi isanaphedwe, bwana?" anatero Vibiyo, milomo itauma gwa.

"Bwanji sunanene?"

"Ndinene chiyani? Mwambo mukuudziwa. Wopulumutsa sadzitchula yekha. Amanena ndi wopulumukayo, n'kumuveka mnzakeyo nkhata ya masamba a thundu, n'kumamutcha bambo moyo wake wonse." Anayesa kuseka. "Ndiye inuyo, mwana wa mkulu wa m'bwalo la malamulo, muzindiimirira ine wonunkha zikopa ndikamalowa? Ndevu zanu zinamera zanga zisanaganize n'komwe."

Vibiyo analoza ndi mutu ulusi wa pamkono pake.

"Chabwino, ndimasuleni ulusiwu. Mukaubweze kwa mwini wake. Mukamuuze kuti sindinathawe. Kaya osamuuza, zili kwa inu."

Numeriyo anaumasula n'kuufumbata. Pomwepo lipenga linalira.

Asilikali anaima mizeremizere, zibonga zili m'manja, nkhope zili pansi. Numeriyo anaima pamalo pake pafupi ndi kazembe wankhondo. Akangokhala chete, njira ya kwa Atiliya ikhala yoyera. Bambo ake kumudzi adzamva zoti mwana wawo anamenya nkhondo mwaulemu. Anafufuza mumtima mwake kuti apeze chimwemwe, kapena mantha, kapena manyazi. Munali mbee ngati mumtsuko wopanda madzi.

"Alipo wonena kanthu munthuyu asanalangidwe?" anafunsa kazembeyo, mawu ali otopa.

Ulusi uja unanyowa ndi thukuta m'dzanja. Numeriyo anangoona miyendo yake ikuyenda yokha.

"Munthuyu sanathawe," anatero. Mawu ake anamveka ngati akuchokera kutali. "Ndinali pansi m'bango, lupanga nditataya, ndikuitana amayi anga. Iyeyu anapha mdani n'kuima pomwepo mpaka nditadzuka."

Wina kumbuyo anaphulika ndi kuseka. Mnzake anamugunda ndi chigongono.

Kazembe anamuyang'ana. "Ukudziwa katundu amene ukudzisenzetsa, mnyamata iwe? Nkhaniyi ikafika ku Roma iwe usanafike."

"Ndikudziwa."

"Pamzere anachokabe," anatero kazembeyo, atatembenukira kwa asilikali. "Adya balere ndi kugona kunja kwa linga mpaka mwezi uthe. Koma wapulumutsa mzika ya Roma. Mumasuleni."

Masanawo Numeriyo anakathyola yekha masamba a thundu. Kuluka sankadziwa, choncho nkhatayo inapotoka mbali imodzi. Anaiika pamutu pa Vibiyo gulu lonse likuona. Kenako anamugwira mkono n'kumanganso ulusi uja pamalo pake, mfundo ziwiri.

"Mukaupereke nokha, bambo," anatero chapansipansi.

Vibiyo anayang'ana ulusiwo, anayang'ananso Numeriyo, misozi italengeza m'maso. Anatsokomola.

"Ee, koma mwana ameneyu ndinamulera bwino. Khala pansi, mwanawe, tidye."

Anakhala pafumbi, kunja kwa linga. Vibiyo ananyema buledi wabalere n'kumupatsa chidutswa chachikulu. Numeriyo analuma. Anali wowawa, wokhakhala, wokanda kukhosi. Anatafuna pang'onopang'ono, akudabwa kuti akumva kuwawako.

Kenako phewa lija nalo linayamba kupweteka.