Batani la Akuba

Ine magalimoto ndayendetsa oti mutawandandalika angafike kumwezi n'kubwerako, ndipo ngozi ndaziona zoti powerenga mungabwereke zala za anansi. Koma ngozi yochititsidwa ndi munthu ali khale pampando mu ofesi, kapu ya tiyi ili pambali, ndinaiona imodzi yokha. Mpaka lero ndikaikumbukira mtima umawira.

Munthuyo ankamutcha Bwana Kadontho. Iye ndi mkazi wake anayamba ndi kagalimoto kamodzi kotsokomola ngati nkhalamba, mpaka magalimoto anadzaza bwalo lonse. Bizinesi yawo inali yobwereketsa mosinthana: munthu amasungitsa galimoto pa foni, amaipeza pomwe yaimikidwa, amaitsegula ndi foni yomweyo, akatha ulendo n'kuisiyira wina. M'galimoto iliyonse munali kabokosi kaukazitape. Kankaulula zonse: pomwe galimoto ili, mafuta otsala, chitseko chikatsegulidwa, ngakhale pampando wapambali pakakhala munthu. Udzudzu ukalowamo kankanenanso ngati ndi waukazi kapena waumuna! Zonsezo zinkaoneka pa galasi lalikulu mu ofesi, galimoto iliyonse ngati kadontho kofiira. Dzina lija linachokera pamenepo.

Awiriwa ankakondana moti ntchentche sinkapeza potera pakati pawo. Mwamuna ankayang'anira kompyuta, mkazi za pamsewu. Kompyuta ikaona kuti kwakutikwakuti kumafunika galimoto m'mawa, inkatumiza uthenga pa foni ya mayiwo kuti akaisiye kumeneko, iwo n'kubwerera pa basi. Nzeru imeneyi anaikamo yekha Bwana Kadontho, ndipo ankayenda nayo pachifuwa.

"Makasitomala anga ndimawadziwa kuposa amayi awo owabereka," ankatero.

Tsoka linalowera pakamwa pa makaniko wawo, munthu woti lilime lake linalibe mabuleki.

"Bwana, galimoto yoyera ija bwanji mpando ndimaupeza uli kumbuyo tsiku ndi tsiku? Alamu anga ndi afupi. Miyendo yatalika liti?"

Onse anaseka. Galimoto yobwereketsa mpando amasuntha aliyense, zimenezo ngakhale mbuzi ikuzidziwa. Koma makaniko atatuluka, bwana anatseka chitseko n'kuyamba kufukula.

Anapeza kuti m'mawa uliwonse mkazi wake amaimika galimoto yoyera pa geti lina lake, ndipo pasanapite nthawi munthu yemweyemweyo amaitsegula. Chitsirucho chinatsegula zinsinsi za kasitomala, zomwe chinalonjeza anthu kuti sichidzazikhudza popanda chifukwa, n'kuona chithunzi cha pa laisensi: mwamuna wamtali, wa khosi lalitali, womwetulira. Pampando wapambali kabokosi kankati pali munthu. Kadontho kankayenda n'kukaima pamsewu wina, mbali iyi chipatala, mbali iyo nyumba yogona alendo.

Ha! Nsanje ili ndi diso limodzi, abale. Chipatala chachikulu ngati phiri sanachione.

Madzulo mkazi akupinda zovala za ana, anamulowera ngati mphepo.

"Wamtali uja ndani?"

"Wamtali uti, bambo a ana? M'tauni muno amtali ndi mmodzi?"

"Usandiyese mwana iwe! M'mawa uliwonse pa geti lake. Galimoto yanga, mafuta anga, mkazi wanga, ukumunyamulira zonse pamodzi!"

Mayiwo anaponya malaya pansi. "Amandituma kumeneko ndani? Si kompyuta yanu? Kamufunseni mkazi mnzangayo, poti ndi amene mumakhala mukumusisita tsiku lonse."

"Kompyuta sinama!"

"Eetu, sinama. Ndimasiya galimoto, ndimakwera basi. Munthuyo ngakhale nkhope yake sindikuidziwa."

"Nanga pampando wapambali pamakhala ndani? Mzukwa?"

"Ine ndine mlonda wa mipando? Ngati zikukuwawani, iuzeni isiye kunditumako!"

Akanatero, nkhani ikanathera pomwepo. Ndipo munthu wa mutu wabwino akanaona kuti kompyuta inkatumiza galimoto pa geti limenelo chifukwa chakuti Wamtaliyo ankaisungitsa tsiku lililonse. Msampha anatchera yekha, mwendo anaikamo yekha, kulira n'kumalirira mkazi. Koma iye sanafune kusintha kanthu. Ankafuna kuwagwira.

Kuyambira pamenepo nyumba inazizira ngati manda. Chakudya chinkamuwawa. Mkazi akaseka pa foni ndi mchemwali wake, iye ankamva mawu a mwamuna. Anaonda mpaka lamba anamuzungulira kawiri, maso ali tong'o pa galasi lija, chithunzi cha Wamtali uja akuchitsegula ndi kuchitseka ngati chitseko cha kuchimbudzi.

Tsono pa kompyutapo panali batani la akuba. Wina akathawa ndi galimoto, unkalidina injini n'kuzima komwe iliko. Lamulo analemba ndi dzanja lake lomwe: galimoto ikuyenda, batani limeneli osalikhudza, chifukwa injini ikazima chiwongolero chimauma ndipo mabuleki amalimba ngati mwala.

Tsiku lina kunacha ndi mvula yoti achule ankapempha ambulera. Mkazi anakasiya galimoto yoyera pa geti lija. Chitseko chinatseguka. Pampando wapambali panakhala munthu. Bwana anaimba foni ya mkazi wake, osayankhidwa. Anaimbanso, zii.

"Lero ndiye lero," anatero akukukuta mano. "Muimire pamsewu pomwepo, mvula ikutsukeni, anthu akuoneni!"

Kadontho kanali katayamba kutsika chitunda cholowera pamphambano ya malole. Msewu ankaudziwa. Lamulo ankalidziwa. Anadina.

Kadontho sikanaime. Kanathamanga, kanathamanga, kanadutsa pamphambano, kenako kanangoti duu pomwe panalibe msewu.

Nthawi yomweyo chitseko cha ofesi chinatseguka. Analowa mkazi wake, atanyoweratu, akukutumula ambulera.

"Mvula yake imeneyi! Basi inadzaza moti foni ndimaimva kulira m'chikwama koma dzanja osafikamo. Mumafuna chiyani?" Anamuyang'anitsitsa. "Bambo a ana, mwatuwa bwanji chonchi? Chala chanucho chili pa chiyani?"

Pampando wapambali paja pankakhala mkazi wa Wamtali, mayi wodwala amene mwamuna wake ankapita naye kuchipatala m'mawa uliwonse asanapite kuntchito. Mayiyo anafera pomwepo pansi pa lole.

Tsiku la mlandu khoti linadzaza mpaka ena anakwera pa mawindo. Wamtali uja analowa akumukankha pa njinga ya olumala, ali wamfupi kuposa aliyense m'chipindamo. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Bambo, ine ndinakulakwirani chiyani? Sindinabwezepo galimoto yanu mochedwa."

Bwana Kadontho anayesa kuzemba. Anati makina anadzizimira okha. Koma kompyuta yake yokondedwa ija inamuvula pagulu: inaulula amene anadina batani, mpando umene anakhalapo, liwiro la galimoto pa nthawiyo, ndiponso kuti chithunzi cha munthu wosalakwa anachitsegula kangati. Mkazi wake ataitanidwa sanalire n'komwe.

"Anandiuza yekha kuti kompyuta sinama," anatero, osamuyang'ana.

Woweruza anavula magalasi. "Anthu anakupatsani mayina awo, nkhope zawo ndi maulendo awo kuti muwapatse galimoto. Inu munasula nazo mpeni. Mukakhala kundende moyo wanu wonse."

Magalimoto anagulitsidwa, mkazi anatenga ana n'kupita kwawo, makaniko uja lilime linapeza mabuleki mochedwa.

Ine sukulu sindinaiponde, koma anzeru onse a dziko lino sangandiphunzitse ichi: kabokosi kangakuuze pomwe munthu ali, koma chomwe akuchita umafunsa ndi pakamwa, n'kumva ndi makutu. Lero Bwana Kadontho amakhala m'kachipinda koti akatambasula miyendo mutu umagunda khoma. Pachitseko pali kabowo. Nthawi ndi nthawi woyang'anira ndende amasuzumirapo, amaona kanthu kakang'ono katadzipinda pakona, n'kupita kukanena kuti kadontho kakadali pomwepo.